Kaampu ndi Besi pa Msewu wa ku Chikomeni

Pa anthu onse amene ndinayenda nawo m'moyo wanga woimba, palibe amene ndimawanyoza mpaka lero ngati a Sakala, ndipo kuwanyozako ndinakuphunzirira pa ulendo wa ku Chikomeni. Zinali pakati pa zaka za m'ma 1990, mabasi a boma atangosiya kuyenda, nthawi imene aliyense wokhala ndi chigalimoto cha matayala anayi ankadzitcha kampani. Bandi yathu inkaimba pa hotela ina ku Chipata kumapeto kwa sabata. A Sakala ndiwo anali eni bandi, oimba ndi pakamwa komanso ogwira gitala, ngakhale gitalayo ankaidziwa pang'ono moti nyimbo zonse zinkayamba mofanana. A Tembo ankaimba ng'oma, ndipo sankayankhula pokhapokha akamwa. Ine ndinkaliza besi yaikulu yamatabwa, ija yoimirira pansi, yotalika kuposa mwini wake. Ndinachoka nayo ku kalabu ya ku migodi komwe ndinaphunzirira ntchitoyi ndili mnyamata, ndipo kupatula besiyo ndinalibe luso lina lodyetsera ana.

Besi yotereyi ili ndi vuto limodzi. M'chipinda mawu ake amakufika m'mimba, koma panja, kapena pomwe anthu aledzera n'kuyamba kukuwa, amathera m'miyendo ya woimbayo. A Sakala vutoli ankalidziwa ndipo ankalikonda. Chaka chimenecho anali atalowetsa m'bandi mlamu wawo Kenedi, mwamuna wamkulu ndithu koma wovala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula, amene anabwera ndi kiibodi kuchokera ku Lusaka. Kiibodiyo inali ndi batani loti ukalidina imadziimbira yokha besi, kugunda kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenedi ankadina batanilo n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene akugwira ntchito.

Ndiye mlimi wina wa fodya wa ku Chikomeni, a Mtonga, atagulitsa bwino chaka chimenecho, anafuna bandi ya m'tauni pa ukwati wa mwana wawo wamkazi. A Sakala anandiitanira kuseri kwa hotela.

"A Mbewe, ichi chiwadilopu chanu chitilemela chabe," anatero akutokosa m'mano, kunena besi yanga, yomwe kwa iwo inali kabati ya zovala. "Ku Chikomeni tizaimbila panja. Ngati sichizamveka, tikabwelela imwe muzapumula. Kenedi azagwila besi na dzanja limozi."

Ndinagulitsa njinga yanga n'kugula kaampulifaya kakang'ono kwa mlaliki wina wa pamsika amene anali atapeza chachikulu. Kukula kwake kanali ngati kabokosi ka opukuta nsapato, kokhala ndi chogwirira pamwamba, sipika imodzi ndi mabowo awiri olowetsamo mawaya. Ubwino wake sikankafuna magetsi, kankayendera batire ya njinga yamoto. Ndinamata kachitsulo kotola mawu pansi pa kamlatho komwe nsambo zimadutsapo, ndipo kwa masabata angapo ndinkaphunzira khalidwe lake kuseri kwa nyumba, mkazi wanga akung'ung'udza za njinga ija. Ukakaika pansi mawu amamira m'dothi, kamafuna pampando. Ukakaika kutsogolo kwa besi ziwirizo zimayamba kulirirana mpaka makutu kuwawa, kamafuna cham'mbali, kumbuyo pang'ono. Ukakatsegula kupitirira theka, nsambo yaikulu ikangolira sipika imayamba kuphwisa. Koma ukakasamala, kankatulutsa mawu enieni a besi yanga, okhuthala, ofika patali. A Sakala atakaona anaseka n'kufunsa ngati kamagwiranso nkhani za pa wailesi.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa kuli kachisanu. Pa siteshoni ya ku Chipata tinapeza basi ya ku Lundazi ikuoneka yodzaza, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko kuti atsala malo a ife basi. Titangolipira, ambiri mwa anthu a m'basimo anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali aganyu yokhala pampando kuti basi ioneke yodzaza, ndipo anali akupita kukadzaza ina. Injini inazimitsidwa. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika paliwombo, tikuonerera nkhuku zikukwera, malata akukwera, ife osasuntha.

Kondakitalayo anafuna besi yanga ikwere pamwamba, pakati pa njinga ndi matumba a mchere.

"Pamwamba sichikwela," ndinamuuza.

"Basi chilipile mpando, mudala. Chitali monga munthu, chilipile monga munthu."

Ndinayang'ana a Sakala. Iwo mwadzidzidzi anapeza chinthu chochititsa chidwi kunja kwa windo. Ndinalipira kuchokera m'thumba langa. Mpando womwe besi inalipirawo kondakitala anaugulitsanso kwa mayi wina wa ku Lundazi, NyaZimba, amene anali ndi belo la salaula, zovala za kaunjika, ndipo besi anaigoneka pakanjira kapakati, khosi lake litatsamira paphewa langa. Mkulu wina polowa anaona chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangeti, anayesa maliro, anavula chipewa n'kundipepesa motsitsa mawu. Sindinamuwongolere. M'basi monsemo ndi iye yekha amene anaipatsa ulemu.

Msewu wa ku Lundazi masiku amenewo unali wa phula m'dzina chabe. Phulalo linatsala tizigamba pakatikati, ndipo dalaivala ankalizemba n'kumayenda m'mbali mwa msewu momwe munali fumbi. Akaphonya n'kugwera m'dzenje, besi inkabuula m'bulangetimo. Ndinaikumbatira khosi ndi dzanja limodzi, kaampu pamiyendo, batire pakati pa mapazi nditaikulunga m'pulasitiki kuti asidi asatayike. Kenedi anali kutsogolo, kiibodi yake atangoipanira m'khwapa, akugula nthochi pawindo paliponse pomwe taima. NyaZimba anandiuza mbiri ya belo lake lonse, kuti zovalazo sagulitsa ndi ndalama koma amasinthitsa ndi chimanga ndi mtedza m'midzi, ndipo kenako anandifunsa kuti chinthu chachikulu chotero chimaimba nyimbo zingati.

Pa rodibuloko ina bambo wa yunifolomu analamula kuti ndimasule bulangeti. Anagogoda besi pamimba, anaigwedeza, kenako anawalitsa tochi m'timabowo take tiwiri dzuwa likuswa mtengo. Anati akufuna minyanga ya njovu, poti kumeneko ndi kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Ndinafuna kumufunsa ngati alipo munthu amene amachoka ndi minyanga m'tauni kupita nayo kwa njovu, koma ndinameza mawuwo. Kumanganso bulangeti kunanditengera nthawi, basi yonse ikundiyang'ana ngati ndine ndinakumba maenje a mumsewu.

Ku Lundazi tinafika kukuda, n'kugona pa kanyumba kena ka alendo komwe nsikidzi zinatilandira bwino kuposa mwini wake. A Mtonga anali atalonjeza kuti galimoto idzatipeza pa msika Lachisanu m'mamawa. Ine ndinalawirira kukasiya batire kwa owotcherera zitsulo kuti aitchaje mpaka idzaze, chifukwa ntchito yanga yonse inali m'batire imeneyo. Kenako tinaunjika katundu pa khonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika, n'kuyamba kudikira.

Amayi a tomato anayala, anagulitsa, anayamba kutsitsa mtengo, ife tili pomwepo. Galimoto iliyonse ikatulukira a Sakala ankaimirira, kukonza kolala, n'kukhalanso pansi. Kenedi ankazungulira msika akupereka moni wa Chitumbuka wolakwika kwa atsikana ogulitsa zitumbuwa. A Tembo anasowa pang'ono, ndipo pobwera anali atayamba kuyankhula. Masana munthu wina wa panjinga anatiuza kuti galimoto ya a Mtonga yapita kukatenga azakhali a mkwatibwi kwinakwake, ndipo za bandi sanamveko. A Sakala anapinda manja kumbuyo n'kuyenda uku ndi uku ngati mkulu wa asilikali, kenako analengeza nzeru yomwe aliyense pa khondepo anali nayo kuyambira kale, yoti tikwere lole.

Loleyo inali ya a Nyirenda, ndipo inkapita kumidzi ya ku Chikomeni kukatenga fodya. Inalibe sitata, choncho inali itaimikidwa pa chitsikira kuseri kwa msika, ndipo mtengo wa ulendo unkaphatikizapo kukankha. Kumbuyo kunali masaka opanda kanthu, mgolo wa dizilo, aphunzitsi awiri obwerera kusukulu kwawo, ndi NyaZimba atakhala pa belo lake lija. Ampulifaya yaikulu ya bandi ndi masipika ake tinaziika pakona. Besi ndinaiyalira masaka n'kukhala pambali pake, mwendo umodzi nditauika motchinga kuti wina asaiyese benchi. Mphunzitsi mmodzi anaiyesabe.

Titasiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi, a Nyirenda anayamba kuthamanga ngati akuthawa ngongole. Tinadutsa minda yokololedwa, zigafa za fodya, timitsinje touma. Pa kamtsinje kena, lole inatsika bwino, koma pokwera tsidya linalo pansi panamveka kuti gwa. Injini inapitiriza kulira koma matayala osazungulira. A Nyirenda analowa kunsi, anatuluka ali mbuu, n'kunena kuti shafuti yakumbuyo yathyoka. Anazinena modekha ngati akunena kuti mchere watha. Anabwereka njinga pamudzi wapafupi kuti abwerere ku boma kukafuna ina, ndipo a Sakala anawapatsa uthenga woti akauze aliyense wa kwa a Mtonga amene angamuone kuti bandi yagona panjira.

Anthu a pamudzipo anabwera kudzationa. Ndisawanamizire, anali anthu aulemu. "Monire mose," anatero mmodzimmodzi, n'kutibweretsera madzi ndi mbatata yophika. NyaZimba sanachedwe kuwauza kuti ndife oimba a ku Chipata, ndipo anayamba kupempha kuti timveko pang'ono. A Sakala anati mawu awo akusungira ukwati. Kenedi anati kiibodi siifuna fumbi. Ine ndinaona mpata. Apa panali panja penipeni, mphepo ikuwomba, ana akusokosera, mbuzi zikulira, ndipo a Sakala anali pomwepo kuti amve ndi makutu awo.

Ndinapempha mtondo, ndinauvundikira n'kuikapo kaampu, cham'mbali, kumbuyo pang'ono. Ndinalumikiza batire, ndinachuna nsambo zomwe msewu unali utazisokoneza, n'kutsegula mpaka theka. Nditakoka nsambo yaikulu, mawu anatuluka n'kuyenda bwalo lonse mpaka kukagunda chigafa cha fodya cha kutsidya. Galu wina anadzuka n'kuthawa. Ndinayamba kuyendetsa besi ya rumba ija tinkatsekera nayo ku hotela, ndipo a Tembo anayamba kumenya tayala la lole ndi zikhatho. Ndikunena zoona, chiyambire kuimba panja sindinadzimvepo chonchi. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo ndinasuzumira a Sakala kuti ndione nkhope yawo. Anali atasiya kutafuna mbatata.

Nditatukula mutu bwino ndinaona kuti palibe amene akuyang'ana ine. Onse anali atazungulira mtondo, ena atanyonyomala, akuyang'ana kaampu. Patsogolo pawo panali bambo wina wa jekete lachikopa, a Zgambo, amene fodya wa chaka chimenecho anali atawagulira wailesi ya kaseti, ndipo chifukwa cha wailesiyo anasanduka katswiri wa makina onse pamudzipo.

"Ni kaseti iyi," anauza anzawo. "Nkhumanya, nili nayo kunyumba." Kenako anatembenukira kwa ine m'Chinyanja. "Adada, iyi nyimbo yakwana. Tembenuzani mbali inayo, muike ya kalindula."

"Mulibe kaseti umu," ndinatero. "Ndine niimba."

Ndinasiya pakati pa nyimbo n'kukweza manja onse awiri kuti aone. Kaampu kanangoti zii.

"Wadina na mwendo," anatero a Zgambo, ndipo anthu anawerama kuyang'ana mapazi anga.

Mtima unandipsa. Ndinazula waya n'kukoka nsambo ndi mphamvu zonse mpaka chala kutentha. Besi inalira monga imalirira panja, motsika, momveka kwa amene waima pafupi basi, mphepo n'kumwaza zotsalazo. A Zgambo anatchera khutu, n'kugwedeza mutu momvera chisoni.

"Mwaona? Batile yatha."

Ndinabwezera waya, mawu anabwerera, iwo anati ndasintha batire mochenjera. Wina anazungulira kaampu kufuna kachitseko kolowetsera kaseti. NyaZimba, pofuna kundisangalatsa, anandigwira pamkono n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Kweni mukuyezgerera makora, adada. Minwe yikwenda nga mukwimba nadi." Ankatanthauza kuti ndimatsanzira bwino, zala zimayenda ngati ndikuimbadi. Zaka zonse ndinang'ambika zala pa nsambo zimenezo, n'kudzayamikiridwa kuti ndimatha kunamizira. Ndinawanyoza onse mumtima pamenepo, a Zgambo ndi jekete lawo, aphunzitsi amene anangoti chete ngakhale ankadziwa, ndi ine ndemwe wogulitsa njinga kuti anthu aziombera m'manja kabokosi. A Sakala anaseka mpaka anatsamira lole. Kenedi anavula magalasi kuti apukute misozi, ndipo kanali koyamba kuona maso ake.

Tinagona pamudzipo, ine pakhonde pambali pa besi chifukwa siinkalowa pa chitseko cha nyumba yomwe anatipatsa.

Loweruka, tsiku la ukwati, dzuwa litakwera ndithu, kunatulukira vaneti yochokera ku boma. Ankayendetsa anali mng'ono wawo wa a Mtonga, ndipo uthenga wa a Nyirenda unali utawapeza. Kumbuyo kunali kodzaza makireti a zakumwa, mipando yachitsulo, ndi azakhali aja atakhala pamwamba pa zonsezo, mmodzi atafungatira keke. Bamboyo sanazimitse n'komwe injini.

"Nitenga anthu na tunthu tung'ono chabe," anatero. "Ivo vikulu visale. Ndiponso jeneleta kulibe. Mwine wake anaitenga dzulo, kuli malilo kwao."

Popanda jenereta, ampulifaya yaikulu ya bandi inali katundu wongolemera. Ndinaona nzeru ikulowa m'mutu mwa a Sakala pang'onopang'ono. Kiibodi ya Kenedi inkatha kuyendera mabatire a tochi. Maso awo anatsika n'kukaima pa kaampu kanga.

"A Mbewe, aka kali na mabowo awili, si so? Imozi maiki, imozi kiibodi. Tipatseni. Motoka izabwelela kuzamutengani na chiwadilopu chanu, muzaimba seti yachiwili."

"Aka ni ka besi. Kumene kayenda, besi iyenda."

"Besi izakwela pati? Pa mutu pa azakhali?" Anatsitsa mawu. "Mwamvela mweka dzulo. Anthu amvela kabokosi, osati imwe. Manje mufuna mwana wa eni ake aloŵe m'banja kopanda nyimbo chifukwa cha matama yanu? Mukakana, ku hotela musabwelenso."

Azakhali onse anali akundiyang'ana kuchokera pamwamba pa makireti. Za kubwerera kwa galimoto sindinazikhulupirire ngakhale pang'ono, koma ndinaganiza za mtsikana amene sanandilakwire kanthu, ndinaganizanso za ana anga, ndipo ndinapereka. Ndinamuuza Kenedi kuti akakaike pampando, asakatsegule kupitirira theka, batire isakhale padzuwa. Anati "shuwa, shuwa" akuyang'ana kwina, n'kukanyamula ndi zala ziwiri pa chogwirira chija. A Tembo anakwera atasanjikiza ng'oma pamiyendo, ndipo sanandiyang'ane. Vaneti inanyamuka, fumbi lake linatsikira pa ine ndi pa besi.

Ndinakhala pansi pa mtengo pambali pa lole yakufayo. Aphunzitsi anali atapita wapansi. NyaZimba anali atamasula belo lake pomwepo pamsewu, ndipo amayi a pamudzi ankabwera ndi mabeseni a mtedza kudzasankha madiresi. Kwa iye kuthyoka kwa shafuti kunasanduka msika. A Zgambo anadutsa n'kundifunsa kuti kawailesi kaja kapita kuti, ndipo nditawauza anati ndiye kuti oimba enieni apita. Mthunzi unasuntha, ndinasuntha nawo pamodzi ndi besi. Phokoso lililonse lakutali ndinkaliyesa vaneti. Inadutsa njinga yonyamula nkhumba, kenako mayi wosenza nkhuni, kenako palibe.

Dzuwa litapendeka kunabwera ngolo ya ng'ombe ziwiri. Mwini wake, a Jere, mkulu wamtali wa ndevu zoyera, ankapititsa migolo ya thobwa ku ukwati womwewo, ndipo nawonso anali atachedwa koma osadandaula. Anavomera kunditenga. Ampulifaya yaikulu ndi masipika ndinazisiya m'manja mwa anthu a pamudzi, poti sizinali zanga. Besi tinaigoneka pa udzu pakati pa migolo, ine n'kukhala kumapeto miyendo ili lendelende. Ng'ombezo zinkayenda mosaganizira kuti padziko pali ukwati. A Jere anandiuza mayina a ng'ombe zawo zonse, zamoyo ndi zakufa, kenako anasuzumira m'bulangeti, anagogoda thabwa ndi chikoti, n'kunena kuti ndi mtengo wabwino, ukachotsa pamwambapo ungakhale chodyeramo ana a ng'ombe. Ndinangokonza bulangeti. Ndinali nditatopa ndi kuuza anthu chomwe chinthucho chili.

Ukwati ndinaumva tisanauone. Tikukwera kamtunda kena, mphepo inabweretsa kugunda kwa besi ya batani lija, ndipo pansi pake panali kuphwisa komwe ndinkakudziwa bwino. Kenedi anali atakatsegula mpaka kumapeto. Kugunda kulikonse sipika inkang'ambika, ine ndikumva ngati akundikanda pachilonda.

Tinaima kunja kwa mpanda wa udzu. Kaampu kanali pansi, m'fumbi, padzuwa, botolo la mowa litaikidwa pamwamba pake. Mawu a a Sakala ankatuluka osweka moti sukanadziwa kuti akuimba chilankhulo chanji. Ndipo anthu ankavina. Ankavina mpaka fumbi kukwera kupitirira denga, azakhali aja atamanga zitenje m'chiuno, mkwatibwi akuseka atakweza diresi kuti lisakwekwere pansi. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi kufuna wina amene akuoneka kuti akusowa kanthu. Panalibe.

Nyimbo itatha a Sakala anandiona, n'kubwera ku mpanda akupukuta thukuta ndi kathaulo.

"Mwafika, a Mbewe? Loŵani mudye, nyama ikalipo."

"Muzakapha kaampu. Mvelani mwamene kalilila."

"Anthu avina," anatero. Anayang'ana kumbuyo komwe kunali kaampuko, kenako ine. "Nenze kufuna kumufunsani. Aka kanthu mungagulitse zingati? Kanyamulika bwino maningi."

Ndinadikira kuti mwina atchula seti yachiwiri ija anandilonjeza, kapena Lachisanu la ku hotela. Iwo anali atatembenuka kale, akukodola Kenedi kuti adine batani. A Jere anali atatsitsa migolo yonse ya thobwa, ndipo anandifunsa ngati titsitsenso chinthu changacho. Ndinawauza kuti achisiye momwemo.